Mpata wa Mphepo

Nkhani iyi ena akaimva amaseka, ndipo sindiwaletsa, chifukwa ngakhale mwini wake, Dokotala Lekisoni Kanyimbiri, sanayambe ndi mantha ayi. Anayamba ndi kutopa. Inu simukudziwa kutopa kwa munthu amene waphunzitsa mbiri yakale pa Yunivesite ya Mlangali zaka makumi awiri ndi ziwiri alibe ofesi yakeyake. Zaka zonsezo ankapanikizana anthu anayi m'kachipinda kamodzi, matebulo atagundana, moti wina akafuna kutuluka onse ankayamba aimirira. Wina ankadyeramo usipa, wina ankalandiriramo ophunzira odzalira za mayeso, ndipo a Kanyimbiri mabuku awo ankasunga m'makatoni kunsi kwa tebulo, miyendo n'kusowa poiwongolera. Makalata opempha ofesi analemba mpaka dzanja kuwawa. Yankho linali limodzimodzi, lakuti nkhani yanu ili ku komiti. Komatu komiti ya pa Mlangali ndi dzenje, chogweramo sichituluka.

Chaka chimene yunivesite inkakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, akuluakulu anaganiza zoti palembedwe buku la mbiri ya nyumba za pasukulupo, ndipo ntchitoyo anaponyera a Kanyimbiri. Apo mpamene bambowa anapezera pogwira. Kunali kutatsala zaka ziwiri kuti apume pantchito, ndiye analibenso choopa. Ananena poyera kuti popanda ofesi palibe buku, sangalembe mbiri ya nyumba iwo eni alibe pokhala.

Nkhani inafika kwa Bambo Thunga, mkulu woyang'anira nyumba, munthu wa makiyi ambiri m'chiuno koma mayankho ochepa. Anazungulira sukulu yonse masiku awiri, kenako anabwera akumwetulira, n'kunena kuti malo apezeka.

Kuti mumve bwino, ndikuuzeni kaye mmene Mlangali anamangidwira. Nyumba yoyamba kumangidwa ndi imene amaitcha Nyumba Yaitali, yosanjikizana kawiri, ya njerwa zofiira zimene anaumba ndi kuotcha pomwepo ndi dothi la m'dambo la kumunsi. Kutsogolo kwake kuli khonde la nsanamira makumi anayi, denga lake la matailosi. Pakati penipeni pa nyumbayo panali mpata woboola kuchoka kutsogolo mpaka kuseri, pamwamba pake popindika ngati uta, wopanda chitseko. Aliyense ankautcha Mpata wa Mphepo, chifukwa pa mapulani akale mzungu amene anajambula nyumbayo analembapo kuti ndi wodutsa mphepo yoziziritsa makalasi. Nzeru za a Thunga zinali zakuti amange khoma kutsogolo, khoma lina kuseri, aikepo chitseko ndi windo, basi ofesi yatha.

Amisiri atangotula njerwa, kwa a Kanyimbiri kunabwera Mayi Nasibeko, amene ankasesa khonde la Nyumba Yaitali kuyambira kale. Anali mayi wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula. Ananjuta pang'ono, tsache lili m'manja, n'kunena kuti pamenepo asatseke chifukwa ndi njira. A Kanyimbiri anayankha kuti ophunzira ali ndi miyendo, azizungulira.

"Si ya ophunzira njirayi, bambo," anatero mayiwo.

Atafunsidwa kuti nanga ndi ya yani, anangoyang'ana pansi. Anati iwo anawauza kale a Thunga zomwezo, ndipo a Thunga anawayankha kuti alembe kalata. A Kanyimbiri anapsa mtima. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akudikira, lero chitseko chafika pa wilibala, ndiye wosesa akhale woyamba kuchikana? Anawathokoza mayiwo mwaulemu wouma, n'kuuza amisiri kuti apitirize. Pa masiku atatu makoma anali ataima, penti itapakidwa, dzina lawo litakhomedwa pachitseko. Tsiku loyamba anatseka chitsekocho, n'kukhala pampando, n'kuwongola miyendo yonse iwiri mpaka kumapeto. Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo sanachite nayo manyazi.

Sabata yoyamba inatha bwinobwino. Lolemba lotsatira, pofika m'mawa, anapeza nthambi za masamba aawisi zitayalidwa modula khonde, pafupi ndi chitseko chawo. Atazungulira kuseri anapeza zina zitayalidwa chimodzimodzi. Palibe munthu wobadwira kuno amene sadziwa tanthauzo la masamba oyalidwa panjira: pali zovuta, wapanjinga atsike, wachipewa avule, waphokoso akhale chete. A Kanyimbiri anangodziwiratu kuti ndi chipongwe cha ophunzira, poti chaka chimenecho anali atalepheretsa ambiri. Anaitana Mayi Nasibeko kuti achotse zinyalalazo. Mayiwo anasesa khonde lonse, kuchokera kunsanamira yoyamba mpaka yomaliza, koma nthambizo anazilambalala. Anati masamba a zovuta amachotsa ndi eni ake mwambo ukatha.

A Kanyimbiri anazinyamula okha n'kukaziponya m'bini, akung'ung'udza. Pobwerera anaona kuti m'manja mwawo mwatsala tsamba limodzi lalikulu, lokhakhala. Linali la msuku. Pasukulu ponse panali mibawa ndi mitengo ya maluwa yobzala azungu, ndipo misuku inali malo amodzi okha, m'kankhalango ka kuseri kwa bwalo la mpira, komwe ngakhale ophunzira okonda kubisala ndi zibwenzi sankapitako. Anangoti ana amasiku ano akafuna kuchita mwano saona kutalika kwa mtunda.

M'mawa mwake nthambi zinalipo. Mkuja wake zinalipo. Iwo ankachotsa, zinkabwerera, ndipo nthawi zonse zinali zongothyoledwa kumene, utomoni ukadali wauwisi.

Kenako anayamba kuona khalidwe la anthu odutsa pakhonde. Anyamata obwera akuseka, akafika pafupi ndi chitseko chawo, mawu ankatsika okha. Wina ankavula kapusi, n'kuyenda masitepe angapo, n'kuivalanso osadziwa kuti anavula. Mesenjala wa ku ofesi yaikulu, amene ankayendetsa njinga pakhonde ngati msewu wa bambo ake, ankatsika pamenepo n'kuikankha. A Kanyimbiri atamufunsa chifukwa chake, anayang'ana njingayo modabwa, n'kunena kuti mwina tcheni chinafuna kuguluka.

M'kati namo munayamba zake. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, koma mu ofesimo munkazizira ngati m'mphepete mwa chitsime. Chipewa chawo akachipachika pamsomali chinkagwa. Anakhoma msomali wina wautali, chinagwabe. M'mawa uliwonse ankapeza mpando utasendezedwa kukhoma, tebulo nalo litakankhidwira pambali, pakati pa chipinda patayera, ngati wina amakonza podutsa. Kiyi inali imodzi, ndipo ankagona nayo m'thumba la thalauza.

Chimene chinawatopetsa kwambiri chinali cha masana. Dzuwa likafika paliwombo, ophunzira atapita kukadya, kunja kwa khoma la kutsogolo kunkamveka mapazi. Sanali mapazi a nsapato ayi, koma opanda kanthu, ambiri, oyenda pang'onopang'ono mokhwekhwereza. Ankafika pakhoma n'kuima. Kenako kunkamveka kupuma kwa anthu otopa, ndipo pakapita kanthawi wina ankatsokomola kamodzi, kutsokomola kwaulemu kuja kwa munthu amene wafika pakhomo ndipo sakufuna kukusokonezani. A Kanyimbiri ankatsegula chitseko mwamphamvu. Pakhonde pankakhala pali mbee, koma pankamveka fungo la thukuta ndi la mitengo yongosema kumene.

Analemba kalata kwa a Thunga. A Thunga anabwera patatha masiku asanu, anagogoda khoma ndi kiyi, n'kunena kuti ndi mapaipi a madzi. Atauzidwa kuti m'khomamo mulibe paipi, poti lamangidwa dzulodzuloli iwo akuona, anati ndiye kuti ndi mphepo ikufuna njira yake yakale, izolowera. Nkhani inamveka mpaka ku kachipinda kakale kuja, ndipo Dokotala Sagawa, yemwe uja wa usipa, anabwera kudzazonda. Anayang'ana uku ndi uku, maso akuwala, n'kunena kuti ngati achimwene ofesiyi ikuwavuta asadzikakamize, iyeyo mapazi samuopsa, atha kusamukiramo ngakhale mawa. Kuyambira tsiku limenelo a Kanyimbiri anatseka pakamwa. Aliyense wofunsa ankamuuza kuti zonse zili bwino, ofesi ndi yabwino zedi, yozizira bwino.

Ntchito ya buku inkapitirira. Iwo sanali munthu wolemba zongomva, ndiye anatenga tepi n'kuyamba kuyeza nyumba imodziimodzi. Apo mpamene anaona chinthu chimene anadutsapo zaka zonsezo osachiona. Makonde ndi tinjira tonse ta pasukulupo tinali towongoka, ngodya zake zolunjika bwino monga azungu amakondera. Koma mpata uja, womwe tsopano unali ofesi yawo, unadula nyumbayo mopendekeka. M'lifupi mwake munalinso mosiyana ndi makomo ena onse, motakasuka moti amuna awiri n'kuyenda mogundana mapewa, pakati pawo n'kutsalabe malo.

Anayala mapu a sukulu patebulo, n'kuika rula motsata kupendekeka kwa mpatawo. Mzere unayambira kugeti la kumunsi, unaboola Nyumba Yaitali, unadutsa pakati pa laibulale ndi holo, pomwe nyumba ziwirizo zinasiyirana danga lopanda ntchito. Unapitirira kuseri kwa hositelo ya atsikana, imene ngodya yake imodzi inadulidwa ngati buledi, ndipo aliyense ankati ndi luso la wojambula. Unalambalala bwalo la mpira, n'kukathera m'kankhalango ka misuku. Nyumba zonse za pa Mlangali, zakale ndi zatsopano zomwe, zinali zitaupatuka mzerewo. Chimene chinakhala pamzerepo chinali tebulo lawo lokha.

Ku chipinda chosungira mafayilo akale anapeza kalata ya mzungu wojambula uja, yolembera mnzake. Inkati kapitawo wa amisiri wakana kumanga pamalo amenewo, amisiri onse akhala pansi sabata yathunthu, ndipo iye wagonja, wasiya mpata. Inkatinso pa mapulani alembapo kuti ndi wa mphepo, chifukwa akalemba zoona a ku likulu amuyesa wamisala.

Mukuganiza kuti a Kanyimbiri anachita mantha? Anakwiya. Mutu wachiwiri wa buku lawo, masamba khumi ndi asanu, unali wotamanda nzeru za mzunguyo pa nkhani yoziziritsa nyumba popanda magetsi. Tsopano zonsezo zinali bodza. Anabwezera kalatayo m'fayilo, fayiloyo anaiika pansi pa zinzake zonse, ndipo anadziuza kuti buku la chikondwerero si malo a nkhani zotere.

Eni ake a mapazi aja anayamba kuwaona sabata yachinayi. Windo la ofesi linkayang'ana kugeti la kumunsi, ndipo tsiku lina masana anaona amuna angapo atakhala m'mphepete mwa msewu, m'kati mwa mpanda, padzuwa. Anali ovala majekete akale, kumapazi kulibe kanthu, ena atagwira makasu. Chapatali pang'ono panakhala amayi, atafunda nsalu kumutu, miyendo atawongola. Palibe amene ankalankhula ndi mnzake. Nkhope zawo sizinkaoneka bwino chifukwa cha kunyezimira kwa dzuwa pamsewu. A Kanyimbiri anayesa kuti ndi aganyu odikira kapitawo. Sabata yotsatira gululo linali litakula, ndipo linali litasendera pafupi. Anatsetsereka kukafunsa mlonda wa pageti kuti anthuwo akufuna chiyani. Mlondayo anayankha kuti m'buku lake simunalowe mlendo aliyense, koma poyankhapo sanatembenukire kumene a Kanyimbiri ankaloza, ndipo chipewa chake cha ulonda chinali m'manja.

Anagula katani yokhuthala n'kutchinga windolo. Anabweretsa kawailesi kuti kaziphimba mapazi aja, koma nthawi ikakwana kankangozima kokha. Anasiya kudya masana, anayamba kuwonda, akazi awo kunyumba anayamba kufunsa mafunso. Koma m'mawa uliwonse ankafika, kuchotsa nthambi, kubwezera tebulo pakati, kukhala pampando n'kuwongola miyendo mwamakani. Ankati ofesi iyi anaipeza ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, sangaisiye chifukwa cha chifuwa cha munthu wosaoneka.

Linali Lachisanu la sabata yachisanu ndi chiwiri. Anachokera kukaphunzitsa cha m'ma 12 koloko, thukuta lili kamukamu. Atatsegula chitseko anaona kuti tebulo silinakankhidwire kukhoma monga mwa masiku onse. Linali pakati, koma litatembenuzidwa mlitali, mutu wake utaloza khoma la kuseri. Pamwamba pake panalibe chachilendo chooneka, mapepala a buku lawo okha. Koma thabwa la tebulolo linali litapindikira pansi, miyendo yake ikulira pang'onopang'ono. Anagwira ngodya ya pepala limodzi kuti alisolole. Silinasunthe. Anakoka ndi manja awiri, ngodyayo inang'ambika, pepala linatsala pomwepo litapanikizika.

Ndipo m'chipindamo munali modzaza. Sindingakuuzeni kuti anaona chiyani, chifukwa iwo eni amati sanaone kanthu. Koma munthu umadziwa ukalowa m'nyumba ya anthu ambiri ngakhale utatsinzina. Mpweya unali wolemera, fungo la thukuta lili tho, ndipo paliponse pamene ankafuna kuponda phazi linkakana lokha.

Apo mtima wa a Kanyimbiri unaphulika. Analankhula mokweza, m'chipinda chopanda munthu, ngati ali pamsonkhano wa komiti.

"Kodi inu mukufuna chiyani kwa ine? Sukulu yonseyi, maofesi mazana awiri, ena atatuatatu munthu mmodzi, mwaona yanga yokhayi? Ndakupondani chiyani? Ine ndakalambira pano ndikulembera pamaondo. Zaka ziwiri zokha, ziwiri, ndikapuma mudzagumule, mudzadutse mpaka mudzatope!"

Kenako, pafupi kwambiri ndi khutu lawo, wina anatsokomola mwaulemu.

Atatembenuka anaona Mayi Nasibeko atagwada kunja kwa chitseko, tsache ataliika pansi. Sanalowe. Analankhula motsitsa mawu, ngati mmene anthu amalankhulira pasiwa. Anati pamene pali yunivesitepa panali mudzi wa agogo awo, ndipo boma litafuna malo anthu anabalalika, ena kumalire, ena kutauni, ena kunja komwe. Manda okha ndiwo anatsala, m'misuku muja. Anati munthu wa mudzi umenewo akamwalira kulikonse kumene ali, amoyo amamuika komweko pakati pa alendo, koma eni ake, amene anatsogola kale, amakamutenga n'kubwera naye kwawo, ndipo njira yake ndi imeneyi. Maliro sabwerera m'mbuyo, komanso sasintha njira.

"Atopa, bambo. Pansi satula. Ndiye aona tebulo lanu."

A Kanyimbiri anayesa kukambirana, poti munthu wa sukulu sagonja msanga. Anafunsa ngati sizingatheke kungoboola kakhomo kakang'ono kuseri, ofesi n'kukhalabe. Mayiwo anafunsa ngati bambowo anaonapo amuna anayi onyamula chithatha cha maliro akudutsa pakakhomo. A Kanyimbiri anafunsa ngati sangagwirizane za nthawi, iwo azituluka masana, chitseko n'kusiya chotsegula. Mayiwo anati chitseko chilipo chimodzi, nanga kuseri atulukira pati. Bambowo anafunsanso ngati palibe mwambo wina, kaya nkhuku, kaya ufa, woti anthuwo apepesedwe nawo. Mayiwo anapukusa mutu. Anati anthuwa sanakwiye, akungodikira.

Mawu amenewo ndi amene anawalasa. Kudikira ankakudziwa. Anaima pakhomopo nthawi yaitali, akuyang'ana mashelefu amene anakhoma okha Loweruka lina, mabuku awo ataima mooneka mayina kwa nthawi yoyamba, katani yatsopano, kapeti kakang'ono kamene akazi awo anawagulira. Kenako anavula jekete, anapatsa Mayi Nasibeko, n'kupita ku hositelo kumene amisiri ankakonza masitepe. Anabwerako ndi chihamala chachikulu, osapempha.

Anayamba ndi khoma la kuseri, atazungulira panja. Linali la njerwa imodzi, simenti yake yochepa monga mwa ntchito za a Thunga, ndipo silinalimbe. Ankamenya akutukwana komiti, akutukwana mzungu wabodza uja, akudzitukwana okha. Pofika kukhoma la kutsogolo manja anali atatuluka matuza, ndipo khonde linali litadzaza ophunzira, mafoni ali m'mwamba. A Thunga anafika akuthamanga, makiyi akulira m'chiuno, akukuwa kuti uku n'kuwononga katundu wa yunivesite ndipo nkhaniyi ipita ku komiti ya mwambo. A Kanyimbiri anawayankha kuti ikafika kumeneko iwo adzakhala atapuma kale. Anamenyanso kawiri, chitseko chinagwa ndi felemu yake, dzina lawo lili pansi.

Fumbi lisanathe, mphepo yozizira inadutsa mumpatamo. Phokoso la ophunzira linazima lokha. Tebulo lija linalira kamodzi, thabwa lake n'kuwongoka, ndipo mapepala a buku anauluka n'kumwazikira kuseri.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene a Kanyimbiri anaiwala, chikhalirecho anakulira kumudzi. Mwamuna akapezeka panjira ya maliro sangoima n'kumaonerera. Amalowa pansi pa chithatha n'kulandira mnzake, amayenda nacho pang'ono, kenako wina amabwera kudzamulandira iyenso. Iwo anali ataima pakati penipeni pa njira, hamala ataitula, manja ali opanda kanthu. Anamva wina akupuma mwamphamvu pambali pawo, ngati munthu amene wapepukidwa, ndipo mtengo wolemera unatera paphewa lawo la kumanja.

Anadzilimbitsa. Mapazi anayamba kuyenda okha, pang'onopang'ono, mofanana ndi mapazi ena amene ankamveka kutsogolo ndi kumbuyo. Anatuluka kuseri kwa Nyumba Yaitali, thupi litapendekera kumodzi, dzanja litagwira m'mwamba pamene aliyense ankaona kuti palibe kanthu. Chapatali kumbuyo kunkamveka mawu a amayi, otsika kwambiri, osadziwika ngati ndi nyimbo kapena kulira.

Podutsa pakati pa laibulale ndi holo phewa linali litayamba kuyaka moto. Malinga ndi mwambo, apa wina anayenera kukhala atawalandira kale. Anayang'ana uku ndi uku. Amuna analipo ambirimbiri, aphunzitsi, makalaliki, anyamata amphamvu zawo odya kanayi patsiku, onse atangoti kakasi m'mbali mwa njira. Anaona a Sagawa ataima pamasitepe a laibulale.

"A Sagawa, tandilandirani!"

A Sagawa anayang'ana kumbuyo ngati akuitanidwa ndi wina, kenako analowa m'laibulale. A Kanyimbiri anaitana a Thunga, amene ankawatsatira chapatali akulankhula pafoni ndi a kuchipatala. Anaitana mnyamata wina wamtali amene anamuphunzitsa zaka zitatu za miyambo ya makolo, ndipo anakhoza bwino kwambiri. Mnyamatayo anavula kapusi, koma sanasunthe. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera. A Kanyimbiri anadutsa pangodya yodulidwa ya hositelo, analambalala bwalo la mpira dzuwa likuwawotcha pamutu, malaya atamatirira kumsana, akulira ndi ukali kuti sukulu ya anthu zikwi zisanu ingasowe mwamuna mmodzi wodziwa kulandira mnzake.

Anthu oonerera anathera pamzere wa bwalo. M'misuku analowa okha, Mayi Nasibeko akubwera m'mbuyo ndi jekete lija. M'katimo munali mthunzi ndi timilu tambirimbiri tofufuma, tokutidwa ndi masamba ouma. Mapazi anaima. Kulemera kuja kunachoka paphewa mofatsa, ngati anthu akutsitsa chinthu mosamala, ndipo a Kanyimbiri anangogwera pansi n'kutsamira mtengo. Sanayang'ane kumene kunkamveka makasu.

Patapita nthawi Mayi Nasibeko anatulutsa kabotolo ka madzi n'kuwathirira m'manja kuti asambe, monga amachitira anthu pochoka kumanda. Pamalaya, paphewa, panali mzere wa magazi. Bambowo anapuma kwa nthawi yaitali. Kenako ananena, mawu atasasa, kuti basi zatha, ofesi yapita, buku lamwazika, mawa abwerera ku kachipinda kaja ngati a Sagawa sanalande kale malo a tebulo lawo. Anati chabwino, bola anthuwa afika kwawo, iwonso akagone tulo.

Mayi Nasibeko anatseka kabotolo, anapukuta manja kunsalu, n'kuyang'ana kumene anachokera, ku Nyumba Yaitali.

"Amene mwaperekezawa ndi a sabata yoyamba, bambo. Khoma lija laima masabata asanu ndi awiri, ndipo ife a mudzi uno tinabalalika tili ambiri."

A Kanyimbiri anawayang'ana mayiwo. Anayang'ana bwalo la mpira, kumene gulu la amuna ovala mataye linali litaimabe, likuloza. Kutali, kupyola hositelo, kupyola laibulale, mawu otsika aja a amayi anali atayambanso.

Anadzuka pang'onopang'ono atagwira mtengo. Anamasula tayi n'kuiika m'thumba, anavula nsapato zimene zinali zitawatupitsa zala, n'kuzipereka kwa mayiwo kuti azisunge pamodzi ndi jekete lija. Anafunsa kuti atsala angati. Mayi Nasibeko anati sakudziwa bwinobwino, koma kugeti kuja anawerenga magulu asanu ndi anayi.

"Asanu ndi anayi," anatero a Kanyimbiri, akupukusa mutu. "Ndiye muwauze andiike mbali inayo. Phewa ili latha."